Kuyambitsa curling ku Lusaka kopanda ayisi: poyambira, zogula ndi zoyamba mwadikira

Aphunzitsi a masewera akaonera curling pa TV, funso lawo loyamba limakhala lakuti miyala ija imagulidwa kuti. Timawayankha kuti ayambe adikira. Mwala umodzi wovomerezeka umalemera pakati pa makilogalamu 17.24 ndi 19.96, ndipo masewera amodzi amafuna miyala 16. Amenewo ndi makilogalamu pafupifupi 300 ochokera kutsidya kwa nyanja, ndipo akafika ku Lusaka alibe poti n'kuyendapo. Kunsi kwa mwala n'kofukuka, moti gawo lokhudza ayisi ndi kamzere kozungulira ka masentimita pafupifupi 13 kudutsa pakati. Kamzere kameneka kakakwechesedwa pa simenti kamakandika, mwalawo n'kusiya kuyenda bwino mpaka utapita kwa akatswiri. Miyala ya ku Olympics imasemedwa ndi kampani ya Kays kuchokera ku thanthwe la pa chilumba cha Ailsa Craig ku Scotland, ina imachokera ku Trefor ku Wales. Ndi katundu wogula pomaliza, zina zonse zitakhazikika.

Kwa amene sanawaonepo masewerawa, bwalo lake ndi ayisi wotalika mamita 45.7, m'lifupi osapitirira mamita 5. Kumapeto konse kuwiri kuli mizere yozungulira, wina mkati mwa unzake, ndipo malowa amawatcha nyumba. Mzere wakunja ndi mamita 3.66 kudutsa pakati, wotsatira 2.44, wamkati 1.22. Timu iliyonse ili ndi anthu anayi, ndipo aliyense amaponya miyala iwiri mosinthana ndi wa timu inayo. Tikati kuponya tikunena kutsetseretsa mwala pa ayisi, sunyamulidwa. Miyala yonse 16 ikatha, chigawo chatha. Imagoletsa ndi timu imodzi yokha, imene mwala wake uli pafupi kwambiri ndi pakati pa nyumba, ndipo imawerenga pointi imodzi pa mwala wake uliwonse umene wayandikira pakati kuposa mwala wabwino kwambiri wa adani. Mwala wosakhudza nyumba suwerengedwa. Mipikisano ikuluikulu imakhala ya zigawo 10, makalabu ambiri amasewera 8.

Masewerawa anabadwira pa maiwe oundana a ku Scotland, kumene kuli mwala wakale wolembedwa chaka cha 1511. Bungwe la dziko lonse linakhazikitsidwa mu 1966, likulu lake lili ku Perth, ndipo lero limadziwika kuti World Curling. Ku Olympics curling inakhazikika kuyambira ku Nagano mu 1998. Kwa ife chofunika kwambiri ndi zimene zachitika m'maiko amene analowa mochedwa.

Nigeria ndiyo inayamba mu Africa kulowa m'bungweli, mu 2018, ndipo chaka chotsatira inasewera mpikisano wa dziko lonse wa anthu awiriawiri, mwamuna ndi mkazi, ku Stavanger m'dziko la Norway. Achinyamata ake, amene kwawo amaphunzirira pansi pouma, anakafika ku Winter Youth Olympics ku Gangwon mu 2024. Kenya inalowa mu 2021, ndipo ili ndi mwayi wa kabwalo ka ayisi ka pa hotela ya Panari ku Nairobi. Philippines inatenga golide wa amuna pa Asian Winter Games ku Harbin mu 2025, koma timu yake inali ya anthu amene ambiri anakulira ku Switzerland, ena atasewererapo kale dziko limenelo. Njira ina ndi ya South Korea. M'tauni yaing'ono ya alimi a adyo ya Uiseong anamanga bwalo la curling mu 2006, atsikana a sekondale n'kumapitako akaweruka, ndipo mu 2018 omwewo anatenga siliva pa Olympics ya ku Pyeongchang. Njira ya Philippines imabweretsa mendulo msanga koma sisiya osewera kumudzi. Ya Uiseong inatenga zaka 12 ndi bwalo lodula. Ife tilibe bwalo, koma tili ndi masukulu ndi maholo, ndipo n'zokwanira kuyambira.

Kukonza bwalo la pansi

Curling ya pansi imaseweredwa ndi timiyala ta pulasitiki toyenda pa ma bearing. Pali ogulitsa zida zathunthu, monga FloorCurl ya ku Canada ndi New Age Kurling ya ku Britain. Ngati thumba likulola, gulani seti imodzi ya miyala 8, inayi mtundu umodzi inayi mtundu wina, kuti amisiri akhale ndi poonera akamapanga ina.

Muyezo umene timagwiritsa ntchito ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a bwalo lenileni, chifukwa ukatero zonse zimakwana m'litali mwa bwalo la badminton, lomwe ndi mamita 13.4. Kuchokera poponyera kufika pakati pa nyumba pakhale mamita 12.8. Mizere ya nyumba ikhale masentimita 122, 81 ndi 41 kudutsa pakati. Pa mamita 2.13 musanafike pakati pa nyumba jambulani mzere wopingasa, umene amautcha hog line, ndipo wina wofanana nawo ukhale kumbali yoponyera. Kumbuyo kwa nyumba kukhale mzere wokhudza mzere wakunja wa nyumbayo. M'lifupi mita imodzi ndi theka ndi yokwanira. Holo ikakhala yaifupi, chepetsani mtunda wa pakati, nyumba ndi hog line musazisinthe.

Nyumbayo ijambuleni ndi penti yopyapyala, kapena choko ngati eni holo sakulola penti. Tepi yokhuthala ndi kansalu koyala zimavuta: mwala ukamatha mphamvu umakodwa m'mphepete n'kuima pamene sunayenera kuima, ndipo ana amayamba kuphunzira kuponya molimba kuti adumphe mphepeteyo, chizolowezi chimene chidzawapweteke pa ayisi. Pojambula mzere wozungulira, wina apanikize msomali pakati, mangani chingwe chosatamuka, choko kumapeto. Chingwe cha nayiloni chimatamuka, nyumba imatuluka ngati dzira.

Vuto lalikulu m'maholo a masukulu ndi matchalitchi a ku Matero, Chawama kapena Mtendere ndi pansi. Amisiri ambiri amapendeketsa simenti dala kuti madzi okolopera azituluka pakhomo. Maso sangaone, koma mwala umaona. Musanajambule chilichonse, tengani paipi yoonekera mkati ija amagwiritsa ntchito omanga nyumba, thiranimo madzi, yezani kumapeto konse kuwiri ndiponso mbali ndi mbali. Kupendekera kwa m'litali kumapiririka, bola matimu onse aziponya kulowera kumodzi. Kupendekera kwa m'mbali ndiko koipa, chifukwa miyala yonse imathera mbali imodzi ndipo luso silioneka. Zikatero tembenuzani bwalo liyang'ane kwina, kapena funani holo ina. Pansi pa matailosi pewani: mipata ya pakati pa matailosi imakhotetsa mwala mosadziwika bwino.

Nkhani ya polishi ndi yofunika kukambirana ndi wosamalira holo. Pansi popakidwa Cobra m'mawa womwewo pamaterera kwa anthu, koma kwa ma bearing pamamata, ndipo polishiyo amalowa mkati n'kugwira fumbi. Pansi pabwino ndi posesedwa kawiri, kukolopedwa ndi madzi okha, n'kuuma. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi la ku Lusaka limalowa ngakhale mazenera atatsekedwa, choncho sesaninso pakati pa masewera. Kamchenga kamodzi kamakwana kuimitsa mwala.

Opanga miyala yawo asamale zinthu zinayi. Ma bearing akhale a mpira umodzi woyenda mbali zonse. Mawilo a mipando ya mu ofesi sathandiza, chifukwa amayamba atembenuka kaye asanayende ndipo amakokera mwala kumbali. Akhale atatu pa mwala uliwonse, otalikirana mofanana: miyendo itatu imakhudza pansi nthawi zonse, pamene inayi imagwedera pansi pakakhala pokumbika pang'ono. Miyala yonse ilemere chimodzimodzi, ndipo muiyeze pa sikelo ya m'khitchini, mukapeza wopepuka muwonjezere mawashala mkati, pakatikati. Chomaliza, m'mphepete muzungulizemo mphira, kuti ikagundana isang'ambike ndiponso wogundidwa ayende m'malo mongodumpha. Girisi musapake. Pukutani ndi kansalu kouma mukamaliza, ndipo posunga itembenuzeni ma bearing ayang'ane kumwamba.

Malamulo musawafewetse

Apa ndi pamene magulu ambiri atsopano amatayira. Poona kuti akusewera pansi, amangoti aliyense aponye, woyandikira wawina. Pakatha mwezi ana atopa nazo, chifukwa masewera otero alibe nzeru. Kukoma kwa curling kuli m'malamulo atatu, ndipo onse amatheka pa simenti.

Loyamba ndi la mwala womaliza, umene amautcha hammer. Timu yoponya pomaliza ili ndi mwayi waukulu. Ikagoletsa, mwayiwo umapita kwa adani m'chigawo chotsatira. Chigawo chikatha popanda wogoletsa, imakhalabe nawo. N'chifukwa chake timu yodziwa imatha kutaya dala mwala wake womaliza kunja m'malo motenga pointi imodzi, kuti ikafune ziwiri m'chigawo chotsatira. Mwana akamvetsa zimenezi, wayamba kusewera curling.

Lachiwiri ndi la alonda. Mwala umene waima pakati pa hog line ndi mzere wodutsa pakati pa nyumba, koma kunja kwa nyumbayo, ndi mlonda. Kuyambira 2018 lamulo limati mlonda wa adani sachotsedwa m'bwalo mpaka miyala isanu yoyambirira itaponyedwa. Wina akamuchotsa, mlondayo amabwezeredwa pamalo pake ndipo mwala woponyedwawo umatuluka. Popanda lamuloli, timu imene yatsogola imangogunda chilichonse n'kumaliza masewera. Ngati muli ndi miyala 8 yokha, tetezani itatu yoyambirira.

Lachitatu ndi la hog line. Woponya asiye mwala asanafike pa mzere wa kumbali yake, ndipo mwalawo udutsiretu mzere wa kutsogolo, apo ayi umachotsedwa, pokhapokha ngati wagunda mwala wina umene uli m'masewera.

Maudindo nawo akhale monga alili. Woyamba kuponya ndi lead, kenako second, third, ndipo skip amamaliza. Skip amaima ku nyumba n'kumaloza ndi tsache pamene mwala ulunjike. Amaganiza ngati katswiri wa nsolo, amene asanatole njere wawerenga kale kumene dzanja likathere. Musapereke udindowu kwa wamphamvu kapena wamkulu msinkhu. Sinthanani kwa miyezi ingapo, mudzamuona yekha woyenera, ndipo kawirikawiri amakhala mwana wofatsa amene simumamuganizira.

Pali mwambo wina umene ana athu, ozolowera kukangana ndi oyimbira mpira, amadabwa nawo. Wosewera akakhudza mwala woyenda ndi phazi kapena tsache, amaulula yekha. Amene amagwirizana za mapointi ndi ma third awiri, ena onse amatuluka m'nyumba. Timu ikaona kuti singafikenso, imapereka moni n'kuvomera masewera asanathe, ndipo palibe manyazi. Phunzitsani zimenezi tsiku loyamba. Zikachedwa sizilowa.

Kuchoka pa gulu kufika pa bungwe

Chimene chimasunga anthu ndi tsiku lodziwika. Loweruka lililonse, ola lomwelo, holo yomweyo, ndi ndandanda ya ligi yomatidwa pakhoma. Matimu anayi ndi okwanira: iliyonse ikakumana ndi inzake kawiri, ndi masewera 12, ndipo pa masewera awiri pa sabata ligi imatha m'masabata 6, mkati mwa teremu imodzi. Lembani zotsatira za chigawo chilichonse m'buku, ndi maina a osewera ndi masiku. Bukuli lidzakhala umboni pamene mukupempha kuzindikiridwa, chifukwa aliyense adzakufunsani kuti osewera muli nawo angati ndipo amasewera kuti.

Magulu akafika atatu kapena anayi m'madera osiyana, nthawi yokhala bungwe yakwana. Pafunika malamulo olembedwa, komiti yosankhidwa, akaunti ya ku banki yosainira anthu oposa mmodzi, ndi ndondomeko yoteteza ana. M'dziko muno mabungwe a masewera amalembetsa ku National Sports Council of Zambia, ndipo njira ya ku Olympics imadzera ku National Olympic Committee of Zambia. World Curling, imene ili ndi mamembala opitirira 70, imalandira bungwe limodzi pa dziko. Choncho ngati kwina, kaya ku Ndola kapena ku Chipata, kuli anzathu amene ayambanso, afuneni msanga mugwirizane. Magulu awiri olimbirana dzina la dziko amachedwetsana zaka. Komiti isadzaze ndi achikulire amene sanagwirepo mwala. Taona m'masewera ena kuti ulendo wakunja ukapezeka, okwera ndege amachuluka a masuti kuposa osewera.

Zimene simenti singaphunzitse

Tinene mosabisa: mwana amene wapambana ligi ya pansi sanadziwe theka la masewerawa. Pa ayisi pali zinthu zitatu zachilendo.

Mwala umakhota. Pouponya amaupotoza pang'ono pa chogwirira kuti uzungulire katatu kapena pafupi pamenepo ulendo wonse. Ukazungulira motsata wotchi umakhotera kumanja, mosemphana ndi wotchi kumanzere, ndipo pa ayisi wabwino umachoka pa mzere wake ndi mita kapena kuposa, makamaka ukamatha mphamvu. Ndi mmene umazembera kuseri kwa mlonda. Mwala woponyedwa wosazungulira umangoyenda mwachisawawa, ndipo wozungulira kwambiri umapita molunjika. Ngakhale pa simenti sukhota chotero, azolowetseni ana kupotoza dzanja: chogwirira cha mwala chiloze ngati muvi wa wotchi, chiyambire pa 10 koloko kapena pa 2 koloko, chisiyidwe pa 12.

Kusesa ndi chachiwiri. Anthu awiri amatsagana ndi mwala akukwecha ayisi patsogolo pake ndi matsache a nsalu. Kukwechako kumatenthetsa ayisi pang'ono, mwala n'kupita patsogolo ndi mamita awiri kapena atatu komanso kuchepetsa kukhota. Ndi ntchito yolemetsa mapewa ndi mtima, chifukwa thupi lonse limatsamira pa tsache uku ukuyenda cham'mbali. Mungakonzekere ndi mopu wouma pa simenti yosalala, masekondi 20 mwamphamvu, kupuma, kubwereza. Koma kuweruza ndi maso ngati mwala ukufunika kusesedwa kumaphunziridwa pa ayisi pokha.

Chachitatu ndi kutsetsereka. Woponya amadzikankha ndi phazi limodzi pa chopondera chokhomedwa mu ayisi, n'kutsetsereka atanyonyomala pa phazi linalo, limene nsapato yake ili ndi pulasitiki yoterera ya Teflon kunsi. Wa dzanja lamanja amatsetsereka ndi phazi lamanzere. Mphamvu ya mwala imachokera m'mwendo wokankha, dzanja limangosiya. Ozolowera pansi amakankha ndi mkono, mwala n'kupyola nyumba. Kukonzekera kwake ndi kutambasula chiuno ndi kukhazikika pa mwendo umodzi: phazi lakutsogolo lathyathyathya pansi pa chifuwa, mwendo wakumbuyo wotambalala, manja osagwira pansi, mphindi imodzi.

Mwayi wa ayisi ukapezeka, kaya ku Nairobi, ku Johannesburg kapena kutali, dziwani kuti ayisi wa otsetsereka ndi nsapato za mpeni si wa curling. Amakhala ndi mikwingwirima ndipo sakhala wolingana. Asanaseweredwe amafunika kupalidwa, kenako kuwazidwa timadontho ta madzi ofunda timene timaundana pamwamba, n'kudulidwa nsonga ndi chida chake. Mwala umayenda pamwamba pa timadonthoti. Popanda ito umakakamira, sufika ndi pakati pomwe. Miyala nayo iyenera kuzizira tsiku lathunthu kapena kuposa, itasanjikidwa pa kanthu kosanyowa pamalo ozizira. Mwala wofunda umasungunula ayisi n'kusiya dzenje. Funsani zonsezi musanalipire ndege.

Pokwera pa ayisi, tsogozani phazi la nsapato ya mphira yosaterera, potsika tsogozani loterera. Ovulala ambiri amagwa chagada n'kumenyetsa mutu pamene angoima osachita kanthu, choncho oyamba kumene avale chipewa cholimba. Mwala woyenda suimitsidwa ndi dzanja, amauimitsa ndi tsache. Nsapato zikhale zoti sizinapondepo panja, buluku likhale lotamuka, ndipo majuzi othothoka ubweya asiyeni, chifukwa kaubweya kamodzi kakalowa kunsi kwa mwala kamaupatutsa.

Za kumanga bwalo lathulathu tinganene mwachidule kuti si ntchito ya kalabu. Ayisi amasungidwa pa madigiri pafupifupi 5 pansi pa ziro usana ndi usiku, ndipo amene anaona mmene magetsi anavutira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba akudziwa tanthauzo lake. Madzi a m'zitsime za ku Lusaka ali ndi laimu wambiri, amene amayera m'maketulo uja, ndipo ayisi wa madzi otero amachedwetsa mwala, moti pafunika makina osefa. M'dzinja chinyontho chimagwa pa ayisi n'kuchita chisanu pamwamba, ndiye pafunikanso makina oumitsa mpweya.

Makomo awiri apafupi

Pali mitundu iwiri ya curling imene dziko longoyamba lingafikire msanga. Wina ndi wa awiriawiri, mwamuna ndi mkazi, umene unalowa ku Olympics mu 2018. Timu imaponya miyala isanu pa chigawo, wina umodzi umaikidwiratu pamalo, zigawo ndi 8. Kutumiza anthu awiri n'kotheka kusiyana ndi anayi. Italy, dziko la osewera ochepa poyerekeza ndi Canada, inatenga golide wa mtunduwu ku Beijing mu 2022, Stefania Constantini ndi Amos Mosaner osagonja ndi kamodzi komwe. Apa abale athu okhala ku Canada ndi ku Scotland, kumene makalabu ali paliponse, angathandize, ndipo kuyambira 2016 malamulo a Zambia amalola unzika wa maiko awiri. Koma bungwe ligwirizane nawo poyambirira kuti akabwera kutchuthi aziphunzitsa, ndipo pa malo a timu ya achinyamata pazikhala ana a kuno.

Winawo ndi wa pa njinga za olumala, umene uli ku Paralympics kuyambira ku Torino mu 2006. Mulibe kusesa, mulibe kutsetsereka. Wosewera amakhala pa njinga yoimitsidwa, mnzake ataigwira kumbuyo, n'kukankha mwala ndi ndodo yokolekera pa chogwirira, ndipo timu imakhala ya amuna ndi akazi. Mwa mitundu yonse, uwu ndi umene zophunzira pa simenti zimasamukira pa ayisi pafupifupi zonse. Ndodoyo mungapange ndi mpini wa mopu ndi kachidutswa ka paipi ya pulasitiki kong'ambidwa kuti kalowe pa chogwirira n'kuchokapo mosakodwa. Posankha holo, yang'anani ngati njinga ingalowe pakhomo ndi kuchimbudzi, ndipo kumbuyo kwa poponyera musiye mamita awiri oti njinga itembenukirepo.